KHASU LIKAGUNDA FUPA, NCHITO IYAMBE YAIMA

M'caka ca 1960 anchito anali kukumba maziko a thanki la madzi pa kaphiri kena kufupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, kunsi kwa khoma la Kariba. Madziwo anali oti athandize abale athu Atonga amene anasamutsidwa ku Gwembe pamene nyanja yatsopano inamiza midzi ndi minda yao. Ali mkati mokumba, mapiki ao anagunda mafupa a anthu, ndipo pakati pa mafupawo panali mikanda ya golide ndi makoza a mkuwa. Nkhaniyo inafika kwa oyang'anira zinthu zakale, ndipo Bambo J. H. Chaplin anabwera nakumba mandawo mosamala, nalemba zonse zimene anapeza. Malowo ndiwo Ingombe Ilede, dzina limene ana athu amaliphunzira m'masukulu.

Tsono tiyeni tiganize bwino. Nkhaniyo ikadathera pakati pa okumbawo, mikanda nkulowa m'matumba, mafupa nkukwiriridwa pansi pa simenti, ndani lero akadadziwa kuti m'cigwa ca Zambezi munali anthu odziwa kukoka waya wa mkuwa, obvala nsalu za thonje, ocita malonda ofika mpaka ku nyanja yamcere? Palibe. Mbiri yonseyo inapulumuka cifukwa mau anacoka pa dzenje nafika kwa oyenera kumva. Ici ndico cimene nyuzipepala ino ifuna kuika pamaso pa atsogoleri ndi alimi onse a kumidzi: dziko lathu lili ndi lamulo loteteza manda ndi mabwinja a alimi oyamba, koma lamulolo lilibe maso. Maso ace ndi munthu amene wagwira khasu.

ZITUNDA ZA KU KALOMO

Ku Cigawo ca Kum'mwera, pa mtunda wa pakati pa Kalomo ndi Choma, kuli zitunda zimene mlendo wodutsa angaziyese zulu zakale kapena zikweza wamba. Zina zimatalika mamita 2 kapena 3, ndipo pamwamba pace pangakwane mudzi wathunthu. Sizinaumbidwe ndi ciswe ai. Zinakwezedwa ndi anthu, pang'ono-pang'ono, mosadziwa. Nyumba ya mitengo ndi dothi ikagwa, ana anali kusalaza pomwepo namanga ina pamwamba pace. Phulusa la pa moto, mapale a miphika yosweka, mafupa a ndiwo ndi ndowe za m'khola zinali kuunjikana caka ndi caka, mbadwo ndi mbadwo, kufikira mudzi unakhala pamwamba pa midzi ya makolo ace.

Cimodzi mwa zitundazi ndi Kalundu, pafupi ndi tauni ya Kalomo. Cinafufuzidwa koyamba mu 1957, pamene anchito okonza mseu waukulu wa Livingstone ndi Lusaka anacidula, ndipo Bambo Ray Inskeep anapita kukaona zimene zinali kutuluka m'nthaka. Pansi peni-peni pa citundaco panapezeka mapale a anthu amene anakhalapo zaka pafupi-fupi 1,500 zapitazo, ena mwa alimi oyamba kukhazikika m'dziko lino. Cina ndi Isamu Pati, cimene Bambo Brian Fagan anakumba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, nasindikiza zimene anapeza mu 1967.

Kodi anapeza ciani? Anapeza njere za mapira zopserera, mphero zoperera, makasu ndi mibvi ya citsulo, mafupa a ng'ombe, a mbuzi ndi a nyama za m'thengo. Anapezanso ting'ombe toumba ndi dothi, tonga timene anyamata athu oweta amaumba kudambo mpaka lero. Ndipo pakati pa mabwinja a nyumbazo anapeza eni ace a mudzi atagona, pakuti anthu amenewo anali kuika akufa ao m'mudzi momwemo. Motero citunda cotere ndi mudzi, ndi dzala, ndiponso ndi mtumbira. Wolima pamwamba pace alima pa manda.

Ku Ingombe Ilede kunafukulidwa manda oposa 40. Owerengeka a pakati ndiwo anali ndi cuma: mikanda ya golide ndi ya galasi, mphande za ku nyanja, mitanda ya mkuwa, mabelu a citsulo ndi zipangizo zokokera waya. Ena ambiri, amene anaikidwa ca m'mbali, anapita kumanda ndi zocepa kapena opanda kanthu. Tikamba zimenezi kuti cimveke cinthu cimodzi: lamulo la dziko silisiyanitsa manda a mwini golide ndi manda a mlimi wosauka. Onse awiri ndi anthu, onse awiri ndi mboni za mbiri yathu.

KWATHU KUNO KUM'MAWA

Wina angati izi ndi nkhani za kutali, za kwa Atonga. Ai ndithu. Bambo David Phillipson, amene anali mlembi wa kabungwe koyang'anira zinthu zakale m'zaka zoyamba za ufulu wathu, anakumba m'mapanga a Makwe ku Katete, Thandwe ku Chipata ndi Kalemba ku Chadiza, nalemba buku la mbiri yakale ya Cigawo ca Kum'mawa limene linatuluka mu 1976. Pa Kalemba anapeza kuti anthu anayamba kukhala m'phangalo zaka zoposa 30,000 zapitazo, ndipo anapezamo ndi mafupa a ena amene anaikidwa momwemo. Pa Kamnama, kufupi ndi malire a Malawi, anapeza bwinja la mudzi wa alimi osula citsulo wa zaka pafupi-fupi 1,600 zapitazo.

Malo amenewa ndi okhawo amene anafikidwa ndi ofufuza. Nanga amene sanafikidwe? Mlimi aliyense wa zaka zambiri adziwa malo m'dera lace pamene khasu limatulutsa mapale okhuthala a zolemba zacilendo, pamene nthaka ndi yakuda ndi phulusa cikhalireco palibe nkhalamba yokumbukira kuti panali mudzi, pamene mvula ikakokolola pamaoneka zotsalira za ng'anjo. Malo otere ali m'minda yathu, m'mbali mwa madambo athu, kuseri kwa masukulu athu. Sadziwika ku maofesi. Adziwika kwa inu.

CIMENE LAMULO LIKAMBA

Lamulo loyamba la zinthu zakale m'dziko lino linaikidwa ndi atsamunda mu 1912, ndipo analicha Bushman Relics Proclamation. Dzina lokhalo lionetsa maganizo a nthawi imeneyo: maso ao anali pa zojambula za m'mapanga ndi zida za miyala, osati pa midzi ya alimi akuda amene iwo anali kuwayesa anthu opanda mbiri. Mu 1948 kunakhazikitsidwa kabungwe koyang'anira malo ndi zinthu zakale. Ndipo mu 1989, m'nthawi ya Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano limene linabala National Heritage Conservation Commission, kabungwe kosunga colowa ca mtundu wonse.

Lamulo la 1989 likamba momveka. Malo okhalamo anthu, mapanga, zitunda za mabwinja ndi manda a mtundu uli wonse, ngati ndi a kale tsiku la 1 Januwale 1924 lisanafike, ndi colowa cotetezedwa. Sikofunika kuti pakhale cikwangwani kapena mpanda kuti malowo atetezedwe. Ukale wace ndiwo uwateteza. Palibe munthu aloledwa kukumba, kugumula, kusuntha, kuononga kapena kutulutsa kunja kwa dziko zinthu zotere popanda cilolezo colembedwa ca Kabungwe. Wocita zimenezi apalamula mlandu, ndipo khoti lingamlipiritse, kapena kumtsekera m'ndende, kapena zonse ziwiri.

Lamulolo liuzanso munthu amene wapeza zinthu zotere mwangozi zimene ayenera kucita. Adziwitse Kabungwe masiku 14 asanathe. Aimitse nchito pa malo eni-eniwo kufikira patapita masiku 30 cidziwitsireni, pokha-pokha Kabungwe katamlola kupitiriza msanga. Ndipo zinthu zimene zatuluka azipereke kwa Kabungwe, kapena apemphe kuti anchito ace abwere adzazione ndi kuzitenga. Ndi zokhazo. Munthu wopeza mwangozi nanena, alibe mlandu. Mlandu uli pa wobisa ndi woononga dala.

CIFUKWA CACE SITIKUMBA TOKHA

Ena afunsa: ngati cofunika ndi mphika kapena mikanda, bwanji osangofukula tokha ndi kukapereka ku boma? Yankho lace nali. Citunda cili ngati nkhokwe imene mbeu za zaka zosiyana-siyana zinathiridwa motsatana: za pansi ndizo zakale, za pamwamba ndizo zatsopano. Wofufuza wophunzira amacotsa dothi pang'ono-pang'ono, nalemba kuya kwa cinthu ciri conse ndi zimene cinagona nazo pamodzi. Kakhala kamodzi ka pa moto wakale kangapimidwe ndi akatswiri nkudziwika zaka zace. Ndipo zaka za khalalo ndizo zaka za mphika umene unali pambali pace. Koma munthu akabwera ndi piki nasakaniza za pansi ndi za pamwamba, mphika utsala mphika cabe, wosatha kunena mwini wace kapena nthawi yace. Madzi akatayika saoleka.

Umboni wa zimenezi uli pa Ingombe Ilede pomwepo. Kwa zaka zambiri akatswiri anali kukhulupirira kuti manda a cuma aja ndi a zaka za m'ma 1300 kapena 1400. Koma tizidutswa ta nsalu ya thonje tocokera m'manda awiri tinasungidwa bwino, pamodzi ndi zolemba zonena manda amene tinacokeramo. Mu 2017, patapita zaka 57 cifukulireni, Mai Susan McIntosh ndi Bambo Fagan anafalitsa zotsatira za mapimidwe atsopano a nsaluzo, zoonetsa kuti mandawo ndi a zaka za m'ma 1500, nthawi imene Apwitikizi anali kukhazikitsa misika yao m'mbali mwa Zambezi. Taonani: kansanza kamene munthu wofuna golide akadakataya ndi dothi ndiko kanakonza mbiri ya cigwa conse. Zimene ife tiona ngati zinyalala, adzukulu athu adzaziwerenga ndi nzeru zimene ife tilibe.

ADANI A MITUMBIRA

Mdani woyamba ndi umbuli, ndipo tikamba mau amenewa mopanda cipongwe, pakuti munthu sangasunge cimene sanauzidwe. Gulu la acinyamata lifuna dothi loumbira njerwa, liona cikweza pafupi ndi madzi, liyamba kukumba. Mai wa dimba aona nthaka yakuda yacondeyo, aituta ndi ngolo. Thirakitala ilima mozama kuposa khasu, nitembenuza m'tsiku limodzi zimene zinagona zaka cikwi. Onsewa si anthu oipa. Ndi anthu ofuna citukuko amene sanadziwe cimene aponda.

Mdani waciwiri ndi cangu ca okumba miseu, zitsime ndi maziko. Kontilakita amawerenga masiku, ndipo tsiku liri lonse loima ndi ndalama. Pamene makina atulutsa cigaza, ciyeso cace ndi cakuti akwirire msanga anthu asanaone. Anyamata olembedwa ganyu pa nchito zotere ndi ana a m'midzi yathu yomwe. Iwo ndiwo aona. Asaope kunena.

Mdani wacitatu ndi dyera, ndipo uyu yekha ndiye alibe cowiringula. Pali anthu oyenda usiku ndi mphekesera zakuti pansi pa citunda cakuti pali cuma. Pali ena oyenda m'midzi kugula mikanda yakale, miphika ndi zitsulo pa mtengo wa sopo, kuti akazigulitse kunja. Tiwauze zoona abale athu amene anyengedwa: m'zitunda za alimi mulibe cuma cogulitsa. Ngakhale pa Isamu Pati, pamene akatswiri anakumba mozama ndi mosamala, zocokera kutali zinali timikanda ndi tizigoba towerengeka. Wokumba usiku adzapeza phulusa ndi mafupa a munthu mnzace, naononga cimene sicidzabwereranso, nadziitanira mlandu pa cabe.

MAFUNSO AWIRI OYENERA YANKHO

Sitifuna kubisa kuti pali madandaulo. Mlimi angati: munda uwu ndinapatsidwa ndi mfumu, ana anga adya pomwepa, ndipo akufa sadya nsima, kodi ndikanena, sadzandilanda munda? Funso ili ndi lacilungamo. Koma taonani bwino cimene lamulo lipempha kwa wopeza: kudziwitsa, ndi kuima masiku 30 pa malo eni-eni pamene zinthu zatuluka. Mbali yotsala ya munda ilimidwa monga mwa masiku onse. Pa Kalundu ofufuza anagwira nchito yao, ndipo mseu unapita. Magalimoto ayenda pa mseuwo mpaka lero. Kusunga zakale ndi kumanga zatsopano si adani. Mdani wa zonse ziwiri ndi kucita zinthu mobisa.

Wina angati: amene agona m'zitundazo si makolo anga. Ife Acewa tili ndi mbiri ya kumene tinacokera, Angoni anaoloka Zambezi mu 1835, Ansenga ndi Atumbuka ali ndi mbiri zao. Nanga tilirirenji maliro a eni ace? Tiyankhe ndi mwambo wathu womwe. Mlendo akafera pamudzi, kodi timamtaya kuthengo cifukwa abale ace sadziwika? Ai. Mfumu imaitana adzukulu, manda akumbidwa, mudzi wonse ukhala pa maliro. Ndipo kumanda sikudulidwa mtengo, sikulimidwa, sikulowedwa popanda mau a mfumu. Lamulo la 1989 silinabweretse cacilendo. Linangotenga ulemu umene timapatsa manda a agogo athu, niliufikitsa kwa akufa amene olira ao anatha kale-kale. Iwowa ndiwo anayamba kugwetsa mitengo ndi nkhwangwa ya citsulo, kubzala mapira ndi kuweta ziweto pa nthaka imene ife tidyapo. Manda amene alibe mwini, mwini wace ndi mtundu wonse.

NCHITO YA MUDZI

Tsono cofunika nciani? Tipempha mafumu, manyakwawa, makhansala, apampando a makomiti a midzi, atsogoleri a makopaletivu, a magulu a azimai ndi a acinyamata kuti nkhani iyi ikambidwe pa misonkhano, monga momwe tikambira za feteleza ndi za zitsime.

Coyamba, mudzi uli wonse ukhale pansi ndi nkhalamba zace, uchule malo onse amene adziwika kuti ndi mabwinja akale, manda osiyidwa, mapanga ndi ng'anjo. Mlembi alembe maina ace m'buku, buku lina likhale kwa mfumu. Mau a akulu akoma akagonera, koma nkhalamba ikapita osafunsidwa, mau ace apita nayo.

Caciwiri, pogawa malo oumbira njerwa, omangapo sukulu kapena cipatala, ndi potsegula minda yatsopano, nyakwawa ayambe wayang'ana m'bukulo. Kusuntha cikhomo mapazi makumi awiri nchito isanayambe sikudya ndalama. Kuimitsa nchito khoma litakwera ndiko kumapweteka.

Cacitatu, khasu likagunda fupa, kapena mphika wathunthu, kapena mikanda, nchito iime pomwepo. Musatsuke, musasunthe, musagawane. Phimbani ndi dothi pang'ono kapena nthambi kuti dzuwa, mvula ndi agalu zisaononge. Uzani mfumu tsiku lomwelo, ndipo mau apite ku ofesi ya boma ya m'dera lanu ndi kwa Kabungwe masiku 14 asanathe. Ngati mafupawo aoneka atsopano, imeneyo ndi nkhani ya apolisi.

Cacinai, mlendo wobwera kudzakumba kapena kudzagula zakale afunsidwe kalata ya cilolezo ca Kabungwe. Wofufuza woona sakwiya pofunsidwa kalata, ndipo sayamba nchito asanaonekere kwa mfumu. Wokwiya ndi woyenda usiku, mudziwe kuti ndi mbala.

Cacisanu, aphunzitsi atenge ana kukaona malo otere, awaphunzitse kuona ndi maso osati ndi manja. Mwana amene waimirira pa bwinja la alimi a zaka cikwi sadzabvomera munthu womuuza kuti mtundu wace unalibe mbiri.

MAU KWA A MAOFESI

Mtolo uwu sungasenzedwe ndi mudzi wokha. Tipempha Kabungwe, makhonsolo ndi nyumba zosungiramo zakale, monga ya ku Livingstone imene isunga zambiri za ku Ingombe Ilede, kuti akumbukire kuti masiku 30 a mwezi wa Juni ndi masiku 30 a mwezi wa Disembala si amodzi. Mlimi amene waimitsa khasu mvula itagwa wapereka nsembe yaikulu, ayankhidwe msanga. Lamulo limasuliridwe m'zinenero zathu, limveke pa wailesi, lifike pa bwalo la mfumu. Ndipo ofufuza akatenga zinthu, abwerere kudzauza eni mudzi zimene apeza, pakuti munthu amene wauzidwa tanthauzo la cinthu ndiye amacisunga. Mutu umodzi susenza denga.

Abale ndi alongo, mvula ikagumula mlatho timamanga wina. Nkhokwe ikapsa timalima caka ca mawa. Koma citunda cimene cinatenga zaka mazana kuti cikwere, thirakitala icisalaza m'mawa umodzi, ndipo palibe Boma, palibe ndalama, palibe katswiri angacibwezere. Anthu amene agona m'menemo sangapite ku khoti kukadzinenera. Anatisiyira nthaka yolimidwa, mbeu, ziweto ndi luso la citsulo, ndipo sapempha malipiro. Cimene tingawacitire ndi cocepa: khasu likagunda fupa, tiime, tivule cipewa, titumize mau.